Nambala Imene Bambo Ankagawa

Bambo anga anagwira ntchito ya ukalaliki pa msika wogulira mbewu kwa zaka 26, ndipo m'zaka zonsezo sanavomerepo nambala imene sanaiyese okha. Mlimi akabwera ndi mtedza nanena kuti ndi matumba asanu ndi awiri, iwo ankadzuka pampando kukawerenga matumbawo ndi chala. Sikelo ikaloza makilogalamu 48, ankatsitsa thumbalo, kuyang'ana ngati muvi wabwerera pa ziro, n'kulikwezanso. Anthu a kwathu ku Mchinji ankati ndi munthu wovuta, komabe ankakonda kukagulitsa tsiku limene iwo ali pa sikelo.

Pa tchuthi chachitali cha 1988 ndinabwera kumudzi nditatsiriza chaka chachiwiri cha maphunziro a masamu ku koleji ku Zomba. Ndinali pa msinkhu umene mnyamata amafuna kuti bambo ake aone kuti wawapitirira. Madzulo ena tili pakhonde, iwo akuwerengetsa ndalama za chimanga cha mayi kumbuyo kwa envulopu, ndinatenga pensulo yawo n'kulemba pansi pa masamu awowo: 4,294,967,297. Ndinawauza kuti palibe nambala imene ingagawe imeneyi popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Anati ndiiwerenge mokweza, ndipo ndinatero: mabiliyoni anayi, mamiliyoni 294, zikwi 967, ndi 297. Ndinawonjeza kuti munthu atati aziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona osadya, angafike pamenepo patatha zaka 136. Zimenezi sizinawadabwitse. Anangofunsa kuti, "Mwaiyesa, aphunzitsi?" Ankanditcha aphunzitsi akafuna kunditsitsa pang'ono. Ndinayankha kuti akatswiri a ku Ulaya anaiyesa kalekale. Anapinda envulopu ija naiika m'thumba la malaya.

Zimene ndinawauzazo zinali zabodza, ndipo bodzalo ndinalitola chifukwa cha phuma. Sabata ya mayeso ndinatsegula buku lina m'laibulale n'kuwerenga tsamba limodzi lonena za Pierre de Fermat, katswiri wa malamulo wa ku Toulouse m'dziko la France, amene ankachita masamu akaweruka ku ntchito. Fermat anachita chidwi ndi mzere wina wa manambala umene mwana wa pulaimale akhoza kuupanga. Pa 2 wonjezani 1, mupeza 3. Chulukitsani 2 ndi 2, mupeza 4. Wonjezani 1, ndiye 5. Chulukitsani 4 ndi 4, kuwonjeza 1, ndiye 17. Kenaka 16 ndi 16 apereka 256, ndiye 257. Kenaka 256 ndi 256 apereka 65,536, ndiye 65,537. Manambala asanuwa, 3, 5, 17, 257 ndi 65,537, ndi osagawika: palibe nambala ina imene imawagawa popanda chotsala, kupatula 1 ndi eni akewo. Wotsatira pa mzerewu amapezeka pochulukitsa 65,536 ndi 65,536 n'kuwonjeza 1, ndipo ndiye amene ndinalembera bambo. M'chaka cha 1640 Fermat analembera kalata Bernard Frénicle de Bessy yonena kuti akukhulupirira kuti manambala onse a pa mzerewu ndi osagawika. Tsamba lija linathera pamenepo, ndipo ine sindinatembenuze.

Mu Novembala chaka chomwecho mphunzitsi wathu anatitembenuzira tsambalo. Analemba pa bolodi kuti 641 × 6,700,417, natiuza kuti tichulukitse. Yankho linali 4,294,967,297. Anatifotokozera kuti Leonhard Euler, ali ndi zaka 25 ku St Petersburg, anapeza zimenezi mu 1732, patapita zaka 92 chilembere Fermat kalata yake ija, ndipo kuti amene anamukopa kuti ayang'ane nkhaniyi anali Christian Goldbach m'kalata ya mu 1729. Kalasi yonse inaseka Fermat. Inenso ndinaseka, koma m'mimba munazizira.

Ndinali ndi mipata yambiri yokonzera cholakwa changa. Ndinkalemba kalata kumudzi mwezi ndi mwezi, yopempha ndalama ya sopo ndi yonena za mvula ya ku Zomba, ndipo mzere umodzi wokha ukanakwanira. Pa Khirisimasi ya 1989 bambo anandifunsa okha, tikubwerera kumunda, kuti, "Nanga nambala yathu ija ikadali yolimba?" Ndinayankha kuti ikadali pomwepo, n'kuyamba kunena za feteleza. Mawu amenewo ndinawasankha mosamala kuti asakhale bodza lathunthu, ndipo n'chifukwa chake ndimawakumbukira kuposa mabodza ena onse amene ndinanenapo. Pamenepa Fermat anandiposa kutali. Iye anavomera m'kalata ya mu 1640 kuti umboni wokwanira analibe, ndipo anabwerezanso kuvomera kumeneku polembera Blaise Pascal mu 1654. Ine ndinalankhula ngati wodziwa pamene sindinkadziwa, ndipo nditadziwa ndinakhala chete. Bambo anamwalira mu Malichi 1990.

Kope lawo ndinalipeza mu 2004, mayi atamwalira, tikugawana katundu wa m'bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi. Linali kope la ana a sukulu, la mizere yopingasa, lonunkha utsi wa koloboyi. Pa tsamba loyamba panali pomatidwa chidutswa cha envulopu ija, chokhala ndi zolemba zanga. Pansi pake, ndi dzanja la kalaliki lopendekera kumanja, panali tsiku, 4 Sepitembala 1988, ndipo kenaka 4,294,967,297 akugawidwa ndi 3. Chotsala: 2. Anagawa ndi 5, chotsala 2. Ndi 7, chotsala 5. Ndi 11, chotsala 5. Ndi 13, chotsala 10. Samu iliyonse anaibwereza chobwerera, kuchulukitsa yankho ndi nambala yogawira n'kuwonjeza chotsala, monga momwe ankabwezera thumba pa sikelo.

Poyamba ankagawa ndi nambala iliyonse yosagawika ndi 2, kuphatikizapo 9, 15 ndi 21. Atafika pa 21 analemba m'mphepete mwa tsamba kuti, "Ngati 3 wakana, 9 ndi 15 ndi 21 akananso. Ndi ana ake." Kuchokera pamenepo sanatayenso nthawi pa ana. Kumapeto kwa kopelo analemba manambala onse kuyambira 1 mpaka 1,000 m'mizere ya khumikhumi, nafafaniza ana a 2, ana a 3, ana a 5, ana a 7, mpaka kutsala osagawika okhaokha. Njira imeneyi mabuku amaitchula ndi dzina la Eratosthenes, Mgiriki wa ku Cyrene amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe. Bambo anaphunzira mpaka Sitandade 6 yakale ndipo dzina limenelo sanalimvepo. Pa mndandanda wawowo 641 alipo, wosafafanizidwa, pakati pa 631 ndi 643.

Samu yomaliza ndi ya 487, yolembedwa mu Febuluwale 1990. Yankho lake ndi 8,819,234, chotsala 339, ndipo n'lolondola, ndinaliyesa. Pakati pa 487 ndi 641 panatsala masamu 23, kuwerengera wa 641 yemweyo. Malinga ndi masiku a pamwamba pa masamba, ankachita masamu asanu kapena asanu ndi imodzi pa mwezi, ocheperapo nyengo yolima. Akanafika patatha miyezi inayi.

Chimene chinandikhazika pansi m'chipinda muja si kuchuluka kwa masamuwo ayi. Pa masamba anayi anazunguliza chotsala ndi pensulo yofiira: pa 3, pa 5, pa 17 ndi pa 257. Pa tsamba la 257 analembapo kuti, "Awa atsala 2 onse anayi. Chifukwa?" Ine sindinawauzepo za mzere wa Fermat. Ndinangowapatsa nambala yaikuluyo yokha, poti inali yoopsa kuyang'ana. Abale ake anawapeza okha, mwa zotsala. Ndipo funso lawolo lili ndi yankho lokongola limene ndikanawafotokozera pakhonde pomwepo. Pa 3 wonjezani 2, mupeza 5. Chulukitsani 3 ndi 5, ndiye 15. Wonjezani 2, mupeza 17. Chulukitsani 3, 5 ndi 17, ndiye 255; wonjezani 2, mupeza 257. Chulukitsani anayiwo, ndiye 65,535. Wonjezani 2, mupeza 65,537. Chulukitsani onse asanu, mupeza 4,294,967,295, ndipo mukawonjeza 2 mwafika pa nambala ya pa envulopu. Aliyense pa mzerewu ndi akulu ake onse ochulukitsidwa pamodzi, kuwonjeza 2. N'chifukwa chake mkulu wake aliyense akamugawa pamatsala 2, ndipo n'chifukwa chakenso palibe awiri pa mzerewu amene amagawidwa ndi nambala imodzimodzi yoposa 1. Goldbach anagwiritsa ntchito mfundo yomweyi m'kalata yake kwa Euler mu 1730 posonyeza kuti manambala osagawika alibe malire: popeza mzerewu sutha, ndipo aliyense pa mzerewu amabwera ndi wogawa wakewake amene sanaonekepo kale, osagawikawo sangathe. Bambo anaima pakhomo penipeni pa mfundo imeneyi. Kukanakhala kuti anapitiriza, nambala yosagawika yachisanu yosiya 2 akanaipeza pa 65,537, ndipo sipakanapezekanso ina.

Chiyambire tsiku limenelo nambalayi ndakhala nayo ngati mbale amene ndinamulakwira, ndipo ndaidziwa m'njira zimene sindinaidziwe ku koleji. Ili ndi anansi awiri kumbuyo kwake, ndipo atatuwa, ngakhale akutsatana ngati nyumba za mzere umodzi, ndi a mitundu yosiyana kotheratu. Woyandikana nayo, 4,294,967,296, ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini, ma 2 okwana 32. Mukhoza kumudula pakati maulendo 32 mpaka kutsala 1. Ameneyu ndiye chiwerengero cha maadiresi onse a intaneti a dongosolo lakale la IPv4, amene anaoneka ochuluka kosatha pamene ankakonzedwa, koma nkhokwe yake yaikulu inatha mu Febuluwale 2011. Winayo, 4,294,967,295, ndi uja wopangidwa ndi osagawika asanu a Fermat. Ameneyu ali ndi mbiri ina. Mu 1796 Carl Friedrich Gauss, asanakwanitse zaka 19, anasonyeza kuti chithunzi cha mbali 17 zofanana ndi ngodya zofanana chikhoza kujambulidwa ndi rula yopanda zizindikiro ndi kampasi basi, chinthu chimene Agiriki akale sanachidziwe. Pambuyo pake zinadziwika, Pierre Wantzel atatsiriza umboni wake mu 1837, kuti mwa zithunzi zotere zimene chiwerengero cha mbali zake sichigawika ndi 2, zotheka kujambula motere ndi zokhazo zimene chiwerengerocho ndi nambala yosagawika ya pa mzere wa Fermat, kapena zingapo zosiyana zochulukitsidwa pamodzi. Zodziwika zilipo 31, ndipo chachikulu mwa zonse chili ndi mbali 4,294,967,295. Fermat akanakhala kuti analondola, chithunzi cha mbali 4,294,967,297 chikanakhala chotheka nachonso. Koma 641 anatseka khomo limenelo.

Nambala ya bamboyo payokha ndi yosauka pa achibale. Oigawa ndi anayi okha: 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe, pakuti 641 ndi 6,700,417 onse ndi osagawika. Ili m'gulu la manambala obadwa kwa osagawika awiri okha, gulu limene njira zina zobisira mauthenga a makompyuta zimadalira, chifukwa kuchulukitsa awiriwo n'kosavuta koma kuwapeza kuchokera ku yankho lokha n'kovuta, ngakhale kuti ogwiritsidwa ntchito kumeneko amakhala ndi zilembo mazanamazana. Agiriki ankagawanso manambala poyang'ana zimene zimatuluka mukawonkhetsa owagawa onse kupatula mwini wake: 6 ndi wangwiro popeza 1, 2 ndi 3 apereka 6, 12 ndi wosefukira, ena ndi operewera. Yathuyi, mukawonkhetsa 1, 641 ndi 6,700,417, mupeza 6,701,059 yokha. Ndi yoperewera kwambiri, pafupifupi ngati yosagawika. Ikalembedwa m'kawerengedwe ka makompyuta ka 0 ndi 1, imaoneka yosalala kuposa apo: 1 kumayambiriro, ma 0 okwana 31, ndi 1 kumapeto.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nambalayi imachita kunyenga mwadala. Fermat yemweyo anapeza muyeso wina wa manambala osagawika: nambala yosagawika iliyonse yoposa 2, mukachulukitsa ma 2 ochuluka ngati nambalayo kuchotsapo 1, n'kugawa yankho ndi nambalayo, pamatsala 1. Manambala ambiri ogawika amagwa pa muyeso umenewu. Yathuyi imadutsa bwinobwino, ngati mbala yodutsa pa chipata ndi chiphaso chenicheni, ndipo ena olemba mbiri ya masamu amaganiza kuti mwina ichi n'chimene chinalimbitsa Fermat mtima. Mukaika 3 m'malo mwa 2, imagwidwa. Ilinso ndi chipsera china. Nambala yosagawika, ngati ingalembedwe monga manambala awiri owonkhetsedwa, aliyense atachulukitsidwa ndi iye mwini, imalembedwa motero m'njira imodzi yokha. Yathuyi ndi 65,536 × 65,536 kuwonjeza 1 × 1, monga tinaipangira. Koma ndiyonso 62,264 × 62,264 kuwonjeza 20,449 × 20,449. Ili ndi nkhope ziwiri, ndipo amene waona yachiwiriyo wadziwa kuti ndi yogawika ngakhale asanapeze woigawa.

Mnzanga wina amene timaphunzitsa naye masamu, nditamuonetsa kopelo, ananena mwachifundo kuti bambo anavutika pachabe. Mwa njira ina ananena zoona. Nambalayo ikanakhaladi yosagawika, kuti atsimikize anayenera kuigawa ndi osagawika onse ochepera 65,536, amene alipo 6,542. Atamachita samu imodzi usiku uliwonse zikanawatengera pafupifupi zaka 18. Euler sanayende ulendo umenewo. Anazindikira kuti nambala yosagawika iliyonse yogawa 4,294,967,297 iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 64. Otero ndi ochepa: 193, 257, 449, 577, ndipo wachisanu ndi 641. Mu 1878 Édouard Lucas anapanikizanso njirayi nasonyeza kuti wogawayo ayenera kusiya 1 akagawidwa ndi 128. Pamenepo otsala ndi 257, amene tikudziwa kale kuti amasiya 2, kenaka 641. Masamu pafupifupi zana a bambo, kwa wodziwa, anali samu imodzi. Palinso njira yoonera zimenezi osagawa n'komwe. Taonani kuti 641 ndi 5 × 128 kuwonjeza 1, komanso ndi 625 kuwonjeza 16, ndiye kuti ma 5 anayi ochulukitsidwa kuwonjeza ma 2 anayi ochulukitsidwa. Pa mfundo yoyamba, 641 amagawa ma 5 anayi ndi ma 2 okwana 28 ochulukitsidwa pamodzi, kuchotsapo 1. Pa mfundo yachiwiri, amagawa ma 5 anayi ndi ma 2 okwana 28 omwewo, kuwonjeza ma 2 okwana 32. Chotsani choyambacho pa chachiwiricho, ndipo chimene chatsala ndi ma 2 okwana 32 kuwonjeza 1. Mizere itatu basi.

Komabe sindinagwirizane naye mnzangayo. Pa anthu awiri amene anakhala pakhonde paja mu 1988, mmodzi yekha ndiye ankachita masamu, ndipo sanali amene ankaphunzira ku Zomba. Njira ya Euler ndi yachidule, koma imayamba ndi funso lomwe lija la bambo, lakuti mwaiyesa. Ine njira yachiduleyo ndinali nayo m'manja kuyambira Novembala 1988, ndipo amene akanaisangalalira kuposa wina aliyense, amene anazunguliza zotsala zinayi n'kulemba kuti "Chifukwa?", sindinawapatse. Sindidandaula kwenikweni kuti anataya mausiku. Ndikuganiza kuti mausikuwo ankawakonda. Zolemba zake n'zodekha, palibe tsamba long'ambidwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti ankagawa pofuna kudziwa ngati mwana wawo ananena zoona, ndipo mwanayo ankadziwa kale kuti sananene zoona.

Nkhani ya mzere wa Fermat nayonso sinathe. Wotsatira nambala yathuyi, wa zilembo 20, anapezeka kuti amagawidwa ndi 274,177. Wotsatira wakeyo anadikira makompyuta mpaka 1970, pamene Michael Morrison ndi John Brillhart anamuphwanya. Tikamawerenga 3 ngati wa nambala 0, ndiye kuti wathuyu ndi wa nambala 5, ndipo onse kuyambira wa 5 mpaka wa 32 anatsimikizidwa kuti ndi ogawika. Kupitirira 65,537 sipanapezeke wina wosagawika ndi mmodzi yemwe, ndipo ambiri mwa akatswiri tsopano akukayika ngati alipo, ngakhale palibe amene wapereka umboni wa mbali iliyonse. Fermat anaona asanu oyamba nakhulupirira kuti ena onse ali choncho, ndipo n'kutheka kuti asanu amene anawaonawo ndi okhawo.

Kopelo linali ndi masamba opanda kanthu okwanira. Kwa zaka zambiri sindinafune kulembamo, poopa kusakaniza dzanja langa ndi lawo. Koma nditapuma pa ntchito ndinagula pensulo, n'kuyamba pamene anasiyira: 491, 499, 503, 509, imodzi madzulo aliwonse, popanda makina, kubwereza iliyonse chobwerera monga ankachitira iwo. Ndinalakwitsa kawiri, pa 547 ndi pa 613, ndipo kubwerezako n'kumene kunandigwira. Madzulo a 23 ndinalemba tsiku pamwamba pa tsamba, ndinalemba 641 kumanzere ndi nambala ija kumanja. Mu 4,294 alowa kasanu ndi kamodzi, kutsala 448. Tsitsani 9: mu 4,489 alowa kasanu ndi kawiri, kutsala 2. Pamenepa ndinaima pang'ono. Tsitsani 6, salowa. Tsitsani 7, salowa. Tsitsani 2: mu 2,672 alowa kanayi, kutsala 108. Tsitsani 9: mu 1,089 alowa kamodzi, kutsalanso 448. Tsitsani 7: mu 4,487 alowa kasanu ndi kawiri ndendende. Pa malo a chotsala ndinalemba 0, ndipo pansi pake ndinachulukitsa 6,700,417 ndi 641, kuti ndione ngati muvi wabwerera pamalo pake.